Anyamata oimba pansi pa zenera

Kale ku Philippines, dziko la zilumba zoposa 7,000 ku Asia, mnyamata akakonda mtsikana sankangomuimitsa panjira. Ankadikira kuti kude, n'kunyamula gitala, n'kuitana anzake awiri atatu, ulendo wa kwawo kwa mtsikanayo. Akafika ankaima pansi pa zenera n'kuyamba kuimba. Mwambo umenewu amautcha harana.

Mwina mukudabwa kuti pansi pa zenera bwanji? Nyumba zambiri za kumidzi kumeneko ankazimanga pamwamba pa mizati, kuti madzi osefukira ndi zilombo zisalowe. Ndiye woimbayo ankachita kukweza khosi, maso ali pa zenera lotseka. Nyimbo yoyamba inali ya odi. Kukakhala zii, ankaimba ina, kenako inanso. Zenera likatseguka, mtima unkakhala pansi: makolo ankawauza alendowo kuti akwere makwerero alowe, ndipo nthawi zina mtsikanayo ankayankha ndi nyimbo yakeyake. Koma likakhala chitsekere, anyamata ankabwerera manyazi atawagwira, chonsecho oyandikana nawo amva zonse! Nanga wosadziwa kuimba ankatani? Ankapempha mnzake wa mawu anthetemya kuti amuimbire. Gitalayo inabwera ndi anthu a ku Spain, amene analamulira dzikolo zaka zoposa 300, mpaka mu 1898.

Nyimbo zokha sizinkakwanira ayi. Mnyamatayo ankayeneranso kukagwira ntchito kwa makolo a mtsikana, monga achitira mkamwini: kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kukonza denga, kuthandiza m'munda wa mpunga. Makolo ankangoyang'ana. Waulesi ankaoneka msanga. Zikayenda bwino, makolo a mnyamata ankapita ndi zakudya kukapempha ukwati, mwambo wotchedwa pamamanhikan, umene mabanja ambiri akuutsatirabe lero. Harana ndiye yachepa kwambiri, foni yalanda malo.

Panalinso ena osafuna kuvutika ndi zonsezi. Iwowa ankafunafuna gayuma, ndiye kuti kondaine. Chilumba chaching'ono cha Siquijor n'chotchuka ndi zimenezi. Asing'anga akumeneko amatola mizu, makungwa ndi masamba m'nyengo ya Lenti, n'kuzisakaniza pa Loweruka la pakati pa Lachisanu Loyera ndi Pasaka, tsiku limene amakhulupirira kuti mankhwala amagwira mphamvu. Zina amazinyika m'mafuta a kokonati m'timabotolo, ndipo alendo amagula n'kupita nazo kwawo. Palibe umboni woti kabotolo kameneka kangatembenuze mtima wa munthu, komanso kuthirira mnzako chinthu m'chakudya iye asakudziwa kungamudwalitse. Ambiri masiku ano amangochitira nthabwala. Munthu akatengeka ndi chikondi mpaka kuiwala kudya, anzake amamuseka kuti wadyetsedwa gayuma.