BWALO LAULERE KAPENA HOLO YOLIPIRA?

Pamene mbendera ya dziko lino inakwezedwa koyamba, pakati pa usiku wolowa tsiku la 6 Julayi 1964, anthu anasonkhana m'bwalo la masewera ku Blantyre, limene lero likutchedwa Kamuzu Stadium, pakuti panalibe nyumba yokwanira khamu lotero. Koma si msonkhano uliwonse umene uyenera bwalo, ndipo funso la malo limavutitsa aphunzitsi aakulu ndi antchito a Boma nthawi zonse pamene akonza tsiku la makolo, phwando lotsanzikana ndi mnzawo, kapena msonkhano wa chitukuko.

Ambiri amathamangira bwalo la sukulu kapena la mfumu poganiza kuti n'laulere. Inde, mwini bwalo safuna ndalama, koma bwalo lilibe denga, mipando, magetsi ngakhale zimbudzi zokwanira. Tsono mahema, mipando ndi zimkuzamawu ziyenera kubwerekedwa, ndipo galimoto yozinyamula ifuna mafuta. Powonkhetsa zonsezi, nthawi zina mtengo wake umaposa wa holo. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Nyengo nayonso siyenera kuiwalika. Kuyambira Novembala kufikira Epulo mvula ikhoza kubalalitsa anthu mlendo wolemekezeka asanayankhule. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimazunza a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje. Mu Okutobala dzuwa limafooketsa ana a sukulu oimirira nthawi yaitali. Ndiponso bwalo lopatsidwa mwachifundo si lanu ayi: maliro akagwa m'mudzi, mwambo wanu uyenera kuima.

Holo yolipira ili ndi ubwino wake. Pamakhala pangano lolembedwa ndi risiti imodzi, ndipo munthu wosunga ndalama za Boma kapena za makolo adziwa kuti risiti imodzi n'njosavuta kuonetsa kwa ofufuza mabuku kusiyana ndi timapepala khumi ta anthu osiyanasiyana. Komabe holo ili ndi malire a anthu ndi a maola, ndipo kawirikawiri imakhala m'tauni kapena pa boma, kutali ndi midzi. Msonkhano wa makolo umene makolowo alephera kufikako wataya ndalama pachabe, ngakhale mipando yake ikongole chotani.

Choposa zonse ndi moyo wa anthu. Pamalo polowa aliyense palibe angadziwiretu kuchuluka kwa obwera. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, mwa iwo ana 7, anafa popondana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe pa chikondwerero cha ufulu. Ngati zotere zinachitika pa bwalo lamakono, wokonza mwambo pa bwalo la sukulu ayenera kusamala koposa: asankhe anthu oyang'anira polowera ndi potulukira, adziwitse apolisi ndi achipatala nthawi ikadalipo, ndipo madzi akumwa akhale pafupi.

Chifukwa chake komiti isanasankhe malo, idzifunse kuti obwera ndi angati, achokera kuti, ndipo mwambowo uchitika mwezi uti. Pambuyo pake mlembi alembe mtengo wonse wa bwalo ndi mtengo wonse wa holo pa pepala limodzi, awerenge pamaso pa onse. Ndalamazo ndi za anthu, ndipo eni ake adzafunsa m'mene zayendera.