Makina Othandiza Madotolo Kuona Mitsempha ya mu Ubongo

Munthu amene anadzuka bwino m'mawa angathe kugwa mwadzidzidzi masana, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zitafa, pakamwa patapotoka. Kumidzi ena amaganizira ufiti, koma madotolo amaicha nthendayi sitiroko. Imadza pamene mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo dotolo ayenera kuyamba wauona mtsemphawo asanaukonze.

Amene anayamba kujambula mitsempha imeneyi ndi dotolo wa ku Portugal, Egas Moniz, mumzinda wa Lisbon m'caka ca 1927. Masiku ano dotolo amalowetsa kapaipi kofewa mu mtsempha wa m'mphecepece kapena wa pamkono, nakakankha pang'onopang'ono kufikira m'khosi. Pamenepo amathiramo mankhwala amadzi amene amaonetsa mitsempha yonse pa cithunzi ca X-ray.

Nchitoyi imampweteka dotolo. Ceza ca X-ray cikamamfika tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri cingamcititse ng'ala m'maso, ndipo covala ca mtovu comutetezera ncolemera, cimapweteka msana.

Apa ndipo pathandiza makina ochedwa loboti. Ena mwa iwo ndi CorPath GRX, opangidwa ndi kampani ya Corindus ya ku America. Dzanja la makinawa limagwira kapaipi pambali pa bedi, dotolo atakhala pamalo otetezeka ku ceza, akuyang'ana zithunzi ndi kuyendetsa kapaipiko ndi timitengo ta m'manja, ngakhale milimita imodzi yokha. Mu Novembala 2019, pa Toronto Western Hospital ku Canada, Dr Vitor Mendes Pereira anakonza ndi makinawa mtsempha wofufuma mu ubongo wa mai wina wa zaka 64. Mu 2020 madotolo a ku Philadelphia analengeza kuti nawonso ajambula mitsempha ya ubongo mwa njira yomweyi.

Cokhudza anthu okhala kutali ndi zipatala zazikulu cinacitika ku India mu Disembala 2018. Dr Tejas Patel anatsegula mitsempha ya mtima ya odwala a ku Ahmedabad iye ali pa mtunda wa makilomita 32, akulamula makina kudzera pa intaneti. Madotolo odziwa za ubongo ngowerengeka, motero ciyembekezo ncakuti katswiri mmodzi adzathandiza zipatala zambiri asanacoke pampando wace.

Komabe loboti ilibe nzeru zacezace. Kuboola mtsempha ndi kuyamba kulowetsa kapaipi ndi nchito ya manja a munthu, ndipo dotolo woyendetsa makina samva m'zala zace pamene kapaipi kakakamira. Makinawo ngodula, ndipo amafuna magetsi ndi intaneti zosadukiza.

Ngakhale makina otere sangaukitse mbali ya ubongo imene yafa posowa magazi. Cifukwa cace wodwala amene wafa ziwalo mwadzidzidzi ayenera kufikitsidwa kucipatala tsiku lomwelo, osayamba wagona kunyumba.