Minibasi ya mumtima: ndani wagwira siteringi?

Inu amene mukwera minibasi ya ku Matero kapena ku Chawama m'mawa uliwonse mudziwa mmene zimakhalira. Kondakita akuwa kuti "fendelani kumbuyo", amai ena afuna cenji yao, wina akalipa kuti acedwa ku nchito, mwana alira pakona. Onsewa ali m'galimoto imodzi, koma siteringi ikhala ndi munthu mmodzi cabe. Tsiku limene pasinja wokwiya adzailanda, tonse tidzagona m'ngalande.

Ine ndinaphunzira zimenezi ku Nyimba, pansi pa mtengo wa mango.

Akulu anga anamwalira nthawi ya dzinja, ndipo tinawaika kumudzi kwathu ku Petauke. Patapita masiku atatu ndinali kale mu Lusaka, pa nchito. Sindinalire. Madzulo alionse ndinali kuyamba ndadutsa pa bala, ati "kamodzi cabe". Alamu anga, amene agulitsa nthoci m'mbali mwa Great East Road ku Nyimba, analeka kupita kumsewu. Nthoci zinali kuolera m'nyumba, ana awiri osapita kusukulu.

Patapita miyezi ndinakwera basi pa Intercity, kuoloka Luangwa Bridge, kudutsa Kacholola, ndili ndi mantha a zimene ndikapeze. Ndinawapeza pamsewu, beseni pamutu. Ndinadabwa.

"Alamu, mawa mutiperekeze ku gulu lathu," anatero. "Nkhope yanu ionetsa kuti na imwe simuli bwino."

Gululo linali la anthu asanu ndi atatu oferedwa, lotsogoleredwa ndi amai ena amene anali nesi ndipo anaphunzira uphungu. Anayamba afunsa onse ngati andilola kukhala nao. Malamulo anali atatu: zokambidwa pano zitsala pano, palibe kudula mnzako mau, palibe kulangiza mnzako asanapemphe. N'cifukwa cake ndikamba zanga zokha, ndi za alamu zimene anandilola.

Funso la amaiwo linali lacilendo: "Lero mwa inu muli ndani amene akuwa kwambiri?"

M'Cinyanja timakamba kale kuti "mtima wina ukuti pita, wina ukuti khala". Njira imene amaiwo anali kutsatira yagona pamenepo. Inayambitsidwa ndi Richard Schwartz wa ku America m'zaka za m'ma 1980, ndipo icedwa Internal Family Systems. Iye anaona kuti odwala ake anali kukamba za mbali zosiyanasiyana za mumtima mwao monga anthu a m'banja limodzi amene sagwirizana. Pali mbali zokhala ngati akapitawo, zimene zimatikakamiza kulimba ndi kugwira nchito kuti tisaganize. Pali zozimitsa moto, zimene zimathamangira mowa, njuga kapena ndeu ululu ukabuka. Ndiye pali zobisidwa, zimene zasenza cisoni ndi manyazi. Amaiwo anamveketsa kuti izi si ziwanda kapena mashawe ai. Munthu aliyense ali nazo.

Itafika nthawi yanga ndinati, "Ine ndili cabe bwino."

"Amene wayankhayo ndi kapitawo wanu," anatero akumwetulira. "Musamuthamangitse. Mufunseni kuti aopa ciani akaleka kukulimbitsani."

Ndinakhala cete kwa nthawi. Yankho linabwera lokha: aopa kuti ndikayamba kulira sindidzaleka, ndiye ndani adzalipira lendi ndi kudyetsa ana a akulu anga? Nanga uja wa pa bala? Nayenso anali kundichinjiriza, kuti ndisakumbukire foni ya akulu anga imene sindinayankhe mlungu umene anadwala. Amaiwo sanandikankhire ku bala limenelo. Anati mbali zoteteza ziyamba zapemphedwa cilolezo, monga mmene mlendo ayambira kwa amfumu asanalowe m'mudzi. Anandiphunzitsanso kukamba kuti "mbali ina ya ine yakwiya" m'malo mwa "ndakwiya". Cioneka caching'ono, koma cimabwezera dalaivala pampando wake.

Alamu anandiuza kuti kwa iwo mau okuwa anali akuti, "Ukaseka pamsewu anthu adzati unapha mwamuna." Atawakamba pagulu, amai ena awiri anagwedeza mutu. Apa ndiye pali mphamvu ya gulu: uzindikira kuti pasinja amene uyesa ali mwa iwe wekha akwera m'galimoto za anzako.

Ndisakunamizeni, gulu si mankhwala a zonse. Amaiwo anati munthu amene aganiza zodzipha, amene amva mau amene ena samva, kapena amene mowa wamumanga kotheratu, amamutumiza kucipatala msanga. Mu Lusaka tili ndi cipatala ca Chainama, ndipo pa foni pali nambala zaulere za Lifeline/Childline Zambia: 933 ya akulu ndi 116 ya ana. Palinso bungwe la StrongMinds, limene lakhala m'dziko muno kuyambira 2019, lothandiza anthu opsinjika maganizo m'magulu, ngakhale kuti njira yao ndi ina. Caka comweco Zambia inakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act, loteteza ufulu ndi ulemu wa odwala maganizo.

Pobwerera ndinapitirira ku Petauke, kumanda. Ndinalira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo misozi inaleka yokha. Kapitawo wanga anali kuopa cinthu cimene sicinacitike.

Manje pa bala ndimadutsabe masiku ena, sindikana. Koma ndikamva phazi likhotera kumeneko, ndimayamba ndafunsa kuti ndani wagwira siteringi, ndipo athawa ciani. Na imwe, pamene muyembekeza basi kudzala pa City Market, yesani kufunsa. Ndipo ngati pali m'bale wanu woferedwa amene akamba kuti "ndili cabe bwino", mutumireni foni lero.