Kuumba Dziko Patebulo: Nkhondo ya Nsingo ya 1898

Mwana aliyense amene anadyetsako ng'ombe kudambo amadziwa kuumba ng'ombe za dongo, kuzimangira khola la timitengo ndi kuzimenyanitsa. Lero tifuna kuonjezera pa luso lomwelo. Tiumba dziko lenilenilo, ndi mapiri ake, mitsinje ndi midzi, ndipo pamenepo tiyendetsa timagulu ta ankhondo, kuti timvetse chimene chinachitika kuno ku Chipata m'chaka cha 1898.

Masewera otere ndi akale ndithu. M'dziko la Prussia, kwa Ajeremani, munthu wina dzina lake von Reisswitz anaumba mapiri ndi zigwa ndi mchenga wonyowa cha mu 1811, ndipo mu 1824 mwana wake anakonza malamulo amene akulu a asilikali anayamba kuphunzitsira anyamata awo. Mu 1913 H. G. Wells wa ku England analemba buku lotchedwa Little Wars, lofotokoza masewera a tizidole ta asilikali. Mu 1974 ku America kunatuluka Dungeons & Dragons, m'mene wosewera amatenga malo a munthu mmodzi, naganiza ndi kulankhula monga iyeyo. Ife titengako zonsezi, koma nkhani yake ikhale yathu.

Nkhaniyo ndi iyi. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka mwana wake Mpezeni anakhazikika m'dziko lino. Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anati mfumuyo inampatsa chilolezo chokumba miyala ya mtengo wapatali, ndipo chilolezocho chinadzafika m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene inali kufuna golide. Mpezeni anali atakalamba ndipo sanafune kuthamangira nkhondo, koma mwana wake Nsingo pamodzi ndi anyamata anaona kuti alendowo adzalanda dziko. Kumapeto kwa 1897 Wiese ndi anzake, ali ku Luangeni, anaitana chithandizo. Mu Januwale 1898 kunafika asilikali ochokera ku Nyasaland, ena akuda ena Amwenye, otsogozedwa ndi Angerezi, atanyamula mfuti za Maxim ndi mizinga. Angoni anagonja. Nsingo anagwidwa naomberedwa kumayambiriro kwa Febuluwale, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo Mpezeni anatengedwa kunka ku Fort Manning, kumene lero tikuti ku Mchinji. Anabwerako, namwalira mu 1900.

Tsono mwana akafunsa kuti, "Nanga ankhondo olimba mtima chotere anagonja bwanji?" yankho la pakamwa pokha silimkwanira. Tiyeni timuumbire.

Pezani thabwa kapena chitseko chakale, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi ndi theka m'litali, ndipo mukhomere timatabwa m'mbali kuti dothi lisatayike. Mugwirizane za muyeso musanayambe. Sentimita imodzi patebulo iimire mamita 10 a dziko lenileni; motero tebulo lonse likhala kilomita imodzi m'lifupi ndi kilomita imodzi ndi theka m'litali. Kenaka tulukani nawo ana. Sankhani malo okhala ndi phiri, dambo ndi mtsinje, muwayende, muwerenge mapazi, ndi kujambula pa pepala. Amene muli pafupi ndi tauni muli ndi phiri la Kanjala ndi mtsinje wa Lunkhwakwa. A kumidzi funsani akuluakulu akuonetseni pamene panali midzi yakale.

Mapiri muyambe ndi miyala kapena mapepala ofwinya, ndi kumata pamwamba pake dothi la mtapo kapena la pachulu losakaniza ndi mchenga pang'ono, chifukwa dongo lokha limang'aluka likauma. Phiri lotalika mamita 100 likhala masentimita 10. Mtsinje muulembe ndi chala dothi likali lofewa, ndi kuwazamo phulusa. Njira zikhale za katondo. Utuchi womata ndi phala la ufa wa chinangwa ukhala udzu, ndipo muuike wambiri, pakuti nkhondoyi inachitika nthawi ya dzinja, udzu utatalika ndi madambo atadzaza madzi. Tinthambi touma tikhala mitengo. Zidutswa za chitsononkho zofolera ndi udzu zikhala nyumba. Muumitse zonse pamthunzi masiku atatu. Ankhondo a Angoni muwaumbe ndi dongo, kachidole kamodzi kaimire anthu 50. Asilikali akhale zitsekerero za mabotolo.

Malamulo akhale ochepa ndi omveka. Mbali ziwiri zimayenda mosinthana, monga pa nsolo. Pa ulendo umodzi gulu la Angoni liyenda masentimita 10 poyera, koma 5 okha m'dambo kapena pokwera phiri. Nthungo igwira ntchito pokhapokha magulu atakhudzana. Mfuti ifika masentimita 40. Pofuna kudziwa ngati gulu laoneka, tambasulani ulusi kuchokera pa mfuti kufika pa kachidole. Ulusiwo ukakhudza phiri kapena mtengo, ndiye kuti gululo labisika ndipo siliomberedwa. Zotsatira za kuombera muzipeze poponya dayisi, ndiko kuti kachidutswa ka mtengo ka mbali zisanu ndi imodzi kolembedwa manambala: 5 kapena 6 achotsa kachidole kamodzi. Mfuti ya Maxim iponye katatu pa ulendo umodzi, ndipo ngakhale apo taichepetsa, popeza inali kutulutsa zipolopolo zoposa 500 pa mphindi imodzi. Mphunzitsi ndiye woweruza, ndipo mawu ake satsutsidwa.

Musanayendetse kanthu, gawani maudindo. Wina akhale Mpezeni, wina Nsingo, ena nduna, ena amayi amene ali ndi chimanga m'munda ndi ana kumbuyo. Akhale pabwalo nakambirane ngati amenye nkhondo kapena ayi, aliyense atchule chimene adzataya. Pamenepo ana adzaona kuti kuchedwa kwa Mpezeni kunali ndi chifukwa chake, ndiponso kufulumira kwa Nsingo kunali ndi chake.

Masewera akayamba, yesani poyamba kamenyedwe ka Angoni ka chifuwa pakati ndi nyanga ziwiri zozinga mdani. Njira imeneyi inagonjetsa mitundu yambiri. Koma patebulo ana adzawerenga okha kuti gulu lodutsa poyera liomberedwa maulendo anayi lisanafike pogwiritsa nthungo, ndipo otsala adzakhala owerengeka. Bwerezaninso, tsopano magulu adzere kuseri kwa phiri ndi m'thengo. Ambiri adzafika, koma akatulukira poyera mfuti iwapezabe. Apa ndi pamene pali phunziro: Angoni sanasowe mtima, koma mtunda wa pakati pa nthungo ndi mfuti unali wautali koposa liwiro la munthu.

Aphunzitsi, chenjerani ndi chinthu chimodzi. M'kalasi mwanu muli zidzukulu za Angoni, za Achewa ndi za Ansenga, ndipo makolo awo anakumana ndi nyengo imeneyo mosiyanasiyana. Musalole kuti ana agawane mbali potsata mitundu yawo, ndipo azisinthana pa masewera aliwonse. Pomaliza afunseni chimene chinatsatira nkhondoyo: boma la Fort Jameson linamangidwa, msonkho unadza, ndipo mwambo wa Nc'wala unaleka kufikira pamene unayambanso mu 1980 ku Mtenguleni. Tebulolo musaliphwanye; lidzakuthandizaninso pophunzitsa za mitsinje ndi kukokoloka kwa nthaka. Tsalani bwino.