Kodi foni ingadziwe bwanji zimene inu mukufuna?

Magetsi akathima pa mita madzulo ku Nsungwi, si ambiri amene amakweranso minibasi kupita ku ofesi ya ESCOM. Munthu amangotenga foni, kutchaya *211# ngati ali pa Airtel Money kapena *444# ngati ali pa TNM Mpamba, kulemba nambala ya mita, ndalama ndi PIN. Pakangopita timasekondi, uthenga wa manambala 20 wafika, basi mbaula yayakanso.

Zikuoneka zophweka, koma pa timasekondi timeneto makompyuta angapo amakhala atalankhulana. Ya kampani ya foni imatsimikiza kuti PIN ndi yolondola ndiponso kuti ndalama zilipo. Kenako imafunsa kompyuta yogulitsa mayunitsi ngati mitayo ilipodi. Iyo imapanga manambala aja, ndipo ina imawatumiza kwa inu pa SMS. Iliyonse ikugwira kantchito kamodzi kokha, ndipo imalandira pempho kudzera pa khomo lake lotchedwa API. Kantchito kotere, kamene pulogalamu ina ingakapemphe kudzera pa netiweki, akatswiri amakatcha web service. Kulumikiza timantchito tingapo kuti tikwaniritse chinthu chimodzi chachikulu ndiye nkhani yathu lero.

Kuno kwathu zolumikizazi si zakale kwenikweni. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo National Switch, imene imalumikiza mabanki a m'dziko muno, inayamba kugwira ntchito mu 2015. Masiku ano ngakhale fizi ya mayeso a MANEB imalipiridwa kudzera m'njira zoterezi. Koma m'zitsanzo zonsezi ndondomeko inalembedwa kale ndi anthu: choyamba ichi, chachiwiri icho. Funso limene lakhala likuzunguza mitu ya akatswiri ndi ili: bwanji kompyutayo izisankha yokha timantchito toyenera, n'kutilumikiza yokha, malinga ndi zimene mwiniwake wa foni akufuna?

Maloto amenewa anatchuka mu 2001, pamene Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web, analemba nkhani m'magazini ya Scientific American pamodzi ndi James Hendler ndi Ora Lassila. Anapereka chitsanzo cha m'bale ndi mlongo wake ofuna kupezera mayi awo nthawi yokalandira chithandizo kuchipatala. Pulogalamu inafufuza zipatala, kuyang'ana nthawi imene awiriwo ali ndi mpata, n'kubweretsa dongosolo. Mnyamatayo analikana: chipatalacho chinali kutali, ndipo akanabwerera pa nthawi imene magalimoto amathithikana pamsewu. Dongosololo linalibe cholakwika chilichonse, kungoti silinali limene iyeyo ankafuna. Apa ndi pamene pagona vuto lonse.

Tiyeni tibweretse nkhaniyi kwathu. Mwakhoza MSCE, mwasankhidwa ku Mzuzu University, ndipo mwauza foni kuti ikukonzereni ulendo. Tinene kuti kuchoka pa Nsungwi kukafika kokwerera basi pali njira 3: minibasi, kabaza wa njinga yamoto, kapena takisi. Mabasi alipo 4, malo ogona ku Mzuzu 5, njira zolipirira 2. Chulukitsani: 3 × 4 × 5 × 2 = 120. Madongosolo 120, onse okafikitsa munthu ku Mzuzu. Nanga kompyuta isankhe liti?

Choyamba imayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali zosakambirana: ndalama zisapitirire zimene muli nazo, ndipo mufike ofesi yolembetsa isanatseke. Dongosolo lililonse lophwanya zimenezi limatayidwa pomwepo. Ndiye pali zokonda chabe: mpando wa pawindo, basi yosaimaima panjira, malo ogona apafupi ndi sukulu. Izi zikapezeka ndi bwino, zikapanda kupezeka ulendo ulipobe. Pulogalamu ikasokoneza ziwirizi imachita zopusa. Ikhoza kukuuzani kuti ulendo palibe chifukwa choti mipando ya pawindo yatha!

Kwa madongosolo otsalawo, njira yosavuta ndi kupereka malikisi. Tinene kuti dongosolo A lapeza 9 pa kutchipa ndi 4 pa liwiro, pamene B lapeza 5 pa kutchipa ndi 8 pa liwiro. Ngati kwa inu kutchipa n'kofunika katatu kuposa liwiro, A lipeza 27 + 4 = 31, B lipeza 15 + 8 = 23. A lawina. Koma kwa amalume anu a bizinesi, amene liwiro ndi lofunika katatu, A lipeza 9 + 12 = 21, B lipeza 5 + 24 = 29. Mabasi ndi omwewo, msewu wa M1 ndi womwewo, koma yankho lasintha chifukwa munthu wasintha.

Chovuta n'chakuti anthu sitiganiza m'manambala. Timati, "Kabaza ndi bwino, koma mvula ikagwa ayi," kapena "Ndikakhala ndi chikwama chachikulu bola takisi." Kukonda kwake n'kodalira zinthu zina. Mu 2006 Shirin Sohrabi, Nataliya Prokoshyna ndi Sheila McIlraith a ku University of Toronto anaonetsa njira yolembera zokonda zoterezi m'chilankhulo cha malamulo chimene kompyuta ingatsate, kuti posaka dongosolo iziyamba ndi njira zimene zikuoneka kuti zikwaniritsa zofuna za munthuyo, m'malo moyesa zonse chimodzichimodzi.

Nanga zokondazo kompyuta izitenga kuti? Ikhoza kukufunsani, koma ndani angapirire mafunso 30 pa kafoni ka mabatani, bandulo ikutha? Ikhoza kukuikirani zimene opanga pulogalamu anasankha kale, ndipo ambirife sitisintha zimenezo. Apa m'pofunika kuchenjera, chifukwa amene anasankhayo akhoza kuika patsogolo chimene chikupindulira kampani yake, osati thumba lanu. Njira yachitatu, imene mapulogalamu ambiri amakono amakonda, ndi kuphunzira kuchokera pa zimene mumachita. Mukasankha zotchipa kasanu motsatizana, imaganiza kuti ndinu wokonda zotchipa.

Njira yachitatuyi ili ndi msampha umene ukutikhudza kwambiri kuno. M'makomo ambiri a ku Area 25, Mgona kapena Chinsapo, foni imodzi imagwira banja lonse. M'mawa mayi alipirira madzi ku Lilongwe Water Board, masana achimwene aonera mpira, madzulo inu mwasaka zolemba za Biology. Kompyuta imaona munthu mmodzi wachilendo, wokonda madzi, mpira ndi maselo. Komanso kusankha chotchipa kasanu sikutanthauza kuti mumachikonda. Mwina unali mwezi wovuta chabe. Ineyo ndimaona kuti pulogalamu yabwino ndi imene imaphunzira, inde, koma isanadule ndalama imakuonetsani dongosolo, kukuuzani chifukwa chake yalisankha, n'kukulolani kukana ngati mnyamata uja wa mu 2001.

Palinso funso la amene akusunga zonsezi. Kuti pulogalamu ikudziweni, imasunga kumene mumapita, nthawi yake, ndi ndalama zimene mumawononga, ndipo polumikiza timantchito tina mwa zimenezi zimadutsa m'makompyuta a makampani angapo. Malawi anakhazikitsa lamulo la Data Protection Act mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti likutsatidwa. Lamuloli limapereka ufulu kwa munthu wofunsa kampani zimene ikusunga zokhudza iye, ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe.