Bretagne: Dziko Lolamulidwa ndi Nyanja

Dziko la France, limene likulu lake ndi Paris, lili ndi zigawo zambiri, ndipo chigawo chilichonse chili ndi zakudya zake, magule ake ndi kamangidwe kake ka nyumba. Mlendo amene waona Paris yekha sanganene kuti waona France. Kumadzulo kwa dzikolo kuli chigawo chotchedwa Bretagne, chimene chidaloŵerera m'nyanja yaikulu ya Atlantic ngati mkono wotambasuka, kotero kuti madzi adachizinga mbali zitatu. Kumeneko nyanja ndiyo mfumu. Ndiyo imauza msodzi nthaŵi yonyamuka, imauza mbusa nthaŵi yokusa nkhosa, ndipo ndiyonso imakoleretsa chakudya cha banja lililonse.

Mwana wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amadziŵa kuti nyanja ya Malaŵi imadzala mvula ikagwa ndi kuphwa pang'ono m'chilimwe, kamodzi pa chaka. Nyanja ya mchere simatero ayi. Iyo imadzala ndi kuphwa kaŵiri pa tsiku. Chimene chimachititsa zimenezi ndi mwezi, umene uli ndi mphamvu yokoka madzi a pa dziko lapansi. Dzuŵa nalonso limakoka, koma mocheperapo. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, mphamvu ziŵirizi zimagwirizana, ndipo madzi amakwera kopambana masiku onse.

Malo oonerapo bwino chodabwitsa chimenechi ali kumpoto chakum'maŵa kwa Bretagne, pamalire ndi chigawo china chotchedwa Normandie. Pamenepo pali thanthwe lalikulu lotchedwa Mont-Saint-Michel, ndiye kuti Phiri la Mikaeli Woyera. Madzi akaphwa amabwerera mtunda wa makilomita pafupifupi 15, nasiya chidikha cha mchenga ndi matope. Pakapita maola oŵerengeka amabweranso, ndipo pa masiku ena amakwera mpaka mamita 14, thanthwe lija nkusanduka chilumba. Anthu akale ankati madziwo amabwera ngati kavalo wothamanga. Kumeneko kunali kukokomeza, pakuti liŵiro lake ndi la munthu woyenda ndawala. Komabe kwa munthu amene wasokera m'nkhungu, miyendo itatitimira m'matope, liŵiro limeneli ndi lokwanira kummiza. Mpaka lero ofuna kuwoloka chidikhacho pansi amatsogozedwa ndi munthu wodziŵa njira.

Mbiri ya pakamwa imati m'chaka cha 708 bishopu wina dzina lake Aubert, wa mumzinda wa Avranches, adalota mngelo Mikaeli akumlamula kuti amange kachisi pathanthwepo. M'chaka cha 966 padafika amonke, amuna odzipatula chifukwa cha mapemphero, ndipo kwa zaka mazana angapo adamanga zipinda pamwamba pa zipinda zinzake, mpaka tchalitchi chidakhala pansonga penipeni. Miyala yambiri inkachokera ku zilumba za Chausey, ndipo amisiri ankadikira kuti nyanja idzale kuti mabwato olemedwa afike patsinde pa thanthwelo. Pa nkhondo yaitali ya pakati pa France ndi England, Angerezi adazinga malowo koma adalephera kuwalanda. Pambuyo pake nyumba yokongolayo idasanduka ndende, ndipo idakhala yotero mpaka 1863. Bungwe la UNESCO lidailemba m'kaundula wa chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi m'chaka cha 1979.

Mwa aulendo ambiri amene adakapemphera kumeneko mudali wansembe wina wa ku Bretagne, Louis-Marie Grignion de Montfort, amene adafikako mu 1706. Ansembe a chipani chimene iye adayambitsa ndiwo adadzatsegula mishoni ya Nzama, m'boma la Ntcheu, m'chaka cha 1901.

Chodabwitsa n'chakuti chimene chidatsala pang'ono kuwononga Mont-Saint-Michel si nkhondo koma msewu. Mu 1879 boma lidaunjika dothi ndi miyala kuti likonze msewu wouma wochokera kumtunda. Alendo adakondwa, koma mulu wa dothiwo udatsekereza madzi, mchenga nkuyamba kuunjikana chaka ndi chaka, udzu nkumamera. Akatswiri adachenjeza kuti thanthwelo lidzatsala pakati pa dambo ngati chulu. Motero padagwiridwa ntchito yaikulu yokonza cholakwacho. Mu 2009 adamaliza damu pa mtsinje wa Couesnon, limene limasunga madzi nyanja ikadzala ndi kuwatsegulira ikaphwa kuti akokolole mchenga. Mu 2014 adatsegula mlatho woima pa mizati, wolola madzi kudutsa pansi, ndipo msewu wakale uja adauchotsa mu 2015. Mtsinje womwewo wa Couesnon ndiwo udali malire akale, ndipo anthu a ku Bretagne amaseka kuti udachita misala popatsa anzawo a ku Normandie phiri lokongola chotere.

M'mphepete mwa chidikhacho muli madambo amene nyanja imawamiza pa masiku oŵerengeka mwezi uliwonse. Udzu wake ndi wopirira mchere, ndipo nkhosa zodya msipu umenewu zili ndi nyama yofeŵa ndi yokoma mwapadera. Mbusa wa kumeneko saiŵala kuona kalendala yosonyeza maola amene madzi adzakwere. Kuyambira 2009 lamulo silimalola munthu kugulitsa nyama yochokera kwina m'dzina la nkhosa za madambo ameneŵa.

Koma mphatso yaikulu ya nyanja ndi mchere weniweniwo. Kumwera, kufupi ndi pamene mtsinje wa Loire umathira m'nyanja, kuli mzinda wakale wa Guérande, dzina limene m'chinenero cha eni dera limatanthauza dziko loyera. Lero mzindawu uli pansi pa chigawo china cha boma, koma mbiri ndi chikhalidwe chake n'za Bretagne. Kwa zaka zoposa 1,000 anthu akhala akukolola mchere kumeneko, pa malo okwana mahekitala pafupifupi 2,000, popanda moto kapena makina.

Mlimi wa mchere amatchedwa paludier, ndipo munda wake ndi maiŵe osaya, okumbidwa m'dongo ndi kugaŵidwa ndi timizere tadothi. Nyanja ikadzala kwambiri, iye amatsegula chitseko cha ngalande, madzi nkuloŵa m'dziŵe loyamba, m'mene matope amadikha. Kuchoka apo madzi amayenda pang'onopang'ono, mokhotakhota, kudutsa maiŵe ena, lililonse lotsikirapo pang'ono kuposa linzake. Dzuŵa ndi mphepo zimamwa madziwo, koma mchere umatsala, kotero kuti pofika m'dziŵe lomaliza ukali wake wachuluka pafupifupi kakhumi. Dziŵe lomalizali ndi la mamita 10 m'litali ndi 7 m'lifupi, ndipo madzi ake safika ngakhale pa mfundo ya chala. Mmenemo ndimo mchere umabadwira.

Mlimi amaima pa mzere, atagwira chokokolera cha thabwa chokhala ndi mpini wa mamita 5. Amakankha madzi mofatsa kuti kafunde kanyamule mchere umene wagona pansi, kenaka amaukokera kumphepete ndi kuuunjika. Luso lagona pa kusakanda dongo. Akalemetsa dzanja, mchere umatuluka wakuda ndi matope. Akapepuza kwambiri, umatsalira m'madzi. Mcherewu ndi wotuŵa, wa mibulu ikuluikulu, ndipo dziŵe limodzi lingathe kupereka makilogalamu 50 pa tsiku labwino. Masana ena, kukaomba mphepo youma yochokera kum'maŵa, pamwamba pa madzi pamayandama mchere wina woyera mbee, wopyapyala ngati mamba a nsomba. Umenewu amautcha fleur de sel, duŵa la mchere. Amauwengula mosamala madzulo, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Kukolola kumachitika kuyambira Juni mpaka Sepitembala. Mvula imene mlimi wa chimanga amaipempherera, mlimi wa mchere amaiopa, pakuti mvumbi wa tsiku limodzi umasungunula ntchito ya masiku ambiri. Nyengo yozizira ikafika, iye amaithera m'matope, kumata mizere imene mafunde adagumula.

Cha m'ma 1970 ntchito imeneyi idali pafupi kufa. Mchere wa m'mafakitale udali wotsika mtengo, achinyamata ankathaŵira m'mizinda, ndipo padali maganizo okwirira maiŵe ena kuti padutse msewu waukulu ndi kumangapo malo a alendo. Alimi otsalawo adakana, nagwirizana mu 1972 kuti azigulitsa mchere wawo pamodzi, ndipo adayambanso kuphunzitsa achinyamata lusolo. Chiyeso china chidadza mu Disembala 1999, pamene sitima yonyamula mafuta yotchedwa Erika idasweka panyanja, mafuta akuda nkufika kugombe. Alimi adatseka ngalande zawo msangamsanga, ndipo ambiri adalolera kusakolola m'chaka cha 2000 kuopa kuipitsa dongo ndi mbiri ya mchere wawo. Lero alimi a mchere kumeneko alipo pafupifupi 300.

Kale mafumu a France ankadula msonkho woŵaŵa pa mchere, wotchedwa gabelle. Pamene Bretagne idaphatikizidwa ndi France mu 1532, idasunga ufulu wake wosalipira msonkhowo. Chotero mchere umene udali wotsika mtengo tsidya lino la malire unkagulidwa modula kambirimbiri tsidya linalo. Amphaŵi ambiri, amuna, akazi ndi ana omwe, ankauzembetsa usiku, ena pomangirira timatumba pa agalu ophunzitsidwa. Amuna ogwidwa ankatumizidwa kukapalasa ngalaŵa za mfumu ali m'maunyolo. Msonkhowu udathetsedwa mu 1790, koma chizindikiro chake chidatsala m'khichini: anthu a ku Bretagne, popeza mchere sunkawasoŵa, adazoloŵera kuuthira m'batala kuti asaonongeke msanga, ndipo kufikira lero batala wopanda mchere amamuyesa wosakoma.

Batala ameneyu amakumana pachiwaya ndi ufa wa mbewu ina yotchedwa blé noir, tirigu wakuda, ngakhale kuti si tirigu weniweni. Nthaka ya m'kati mwa Bretagne ndi yosauka, koma mbewu imeneyi imalola pomwepo ndipo imacha m'miyezi itatu. Ufa wake amaukanda ndi madzi ndi mchere, nathira phalalo pa chiwaya chachitsulo chophwatalala, nalimwaza ndi kamtengo mpaka lipyapyale ngati nsalu. Chotulukapo ndi galette. Kale idali chakudya cha osauka. Lero amaikamo dzira, nyama ya nkhumba ndi tchizi, napinda m'mbali mwake. Mumzinda wa Rennes amaikulunga pa soseji yootcha, n'kumadya ali chiimire pamsika kapena ku mpira. Akuluakulu amatsitsira chakumwa cha maapozi, chimene amamwera m'timbale tadothi.

Eni dera nawonso adabwera ndi nyanja. Makolo awo adawoloka kuchokera ku chilumba cha Britain zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, ndipo dzina loti Bretagne lidachokera komweko. Adapeza dziko lokhala kale ndi zozizwitsa zake, monga miyala yoimiritsidwa pafupifupi 3,000 ya ku Carnac, imene idadzalidwa m'mizere mapiramidi a ku Egypt asanamangidwe. Chinenero chimene adabwera nacho, Chibretoni, n'chachibale ndi cha anthu a ku Wales, ndipo munthu wodziŵa Chifalansa chokha sangachimve.

Mchere ndi thanthwe zidapulumuka, koma chinenerochi chikadali pangozi. Kwa zaka zambiri sukulu zinkaphunzitsa m'Chifalansa chokha. Mwana wogwidwa akulankhula Chibretoni ankamveka chinthu chochititsa manyazi m'khosi, kaŵirikaŵiri nsapato yosema ya mtengo, ndipo ankachivula pokhapokha atagwira mnzake. Wotsala nacho madzulo ndiye ankalangidwa. Ana otere atakula adaleka kulankhula chinenerocho kwa ana awo, poganiza kuti akuwachitira zabwino. Cha m'ma 1950 olankhula Chibretoni adali pafupifupi 1,000,000. Pofika 2018 adatsala pafupifupi 200,000, ambiri a iwo okalamba. Mu 1977 makolo ena adayambitsa sukulu zotchedwa Diwan, mawu otanthauza kumera kwa mbewu, kumene ana amaphunzira masamu ndi maphunziro ena m'chinenero cha agogo awo.

Kumene Chibretoni chimamvekabe mokweza ndi ku fest-noz, gule wa usiku, amene UNESCO idamlemba m'kaundula wake mu 2012. Kale anthu a m'mudzi ankavina atatha ntchito yothandizana, monga kukumba mbatata, kapena pofuna kutsendera dothi la pansi pa nyumba yatsopano. Oimba aŵiri amalandizana nyimbo, wachiŵiri kuyamba woyamba asanamalize, kuti mayimbidwe asaduke. Ovina amapanga mzere wautali, nkhalamba ndi ana pamodzi, atakoloŵekana mikono kapena tizala takanise, ndipo mlendo aliyense wofuna kuloŵa amangompatsa mpata pamzerepo.