Musatseke dandaulo ndalama isanabwerere: zomwe lole ya atsibweni inandiphunzitsa

Lole ya atsibweni anga inafera pabwalo mwezi wa Epulo, msika wa fodya utangotsegulidwa kumene. Kwa ife a kwa Lukwa kuno ku Kasungu, imeneyo ndi nthawi yomwe galimoto siyenera kudwala ngakhale chimfine. Mabelo amakhala atadindidwa kale, alimi akuimba foni usiku ndi usana kufuna wowanyamulira kupita ku Chinkhoma, ndipo aliyense amene ali ndi lole amadziwa kuti ndalama ya chaka chonse imapezeka m'miyezi yochepa yomweyi.

Makaniko atabwera anayesa mabatire, mafyuzi ndi mawaya, kenako anapukusa mutu. "Madala, yapsa ndi kompyuta bokosi." Kwa amene simukadziwa, ndi kabokosi kachitsulo kamene kamauza injini kuchuluka kwa mafuta oti imwe komanso nthawi yake. Kakafa, lole yonse imasanduka khola la nkhuku. Tinafunsa pa boma, sikanapezeke. Ku Lilongwe kanapezeka kamodzi kwa ophwasula magalimoto, koma mtengo wake atsibweni ataumva anangoti kakasi.

Madzulo ake anandiitana pakhonde. "Mphwanga, iwe umangokhalira kutosatosa foniyo. Tatiye lero itithandizeko."

Sizinanditengere ola. Pa tsamba lina lalikulu la malonda a pa intaneti ndinapeza wogulitsa wakunja ali ndi kabokosi kooneka ngati kathu komwe, mtengo wake theka la wa ku Lilongwe. Chithunzi chokongola, nyenyezi zambiri, ndipo m'munsi atalemba kuti kamagwira pa mtundu wa lole yathu. Ndalama yake inali ngati ya mabelo awiri a fodya. Atsibweni anati, "Gula." Ine mtima unali m'mwamba, ndikudziona ngati mpulumutsi wa banja.

Chiyeso choyamba chinabwera tsiku lomwelo. Nditangomufunsa funso, wogulitsayo anandipatsa nambala ya WhatsApp. Kumeneko anati ndikalipira mwachindunji kwa iye, osadzera pa tsambalo, anditsitsira mtengo chifukwa eni tsamba amamudula yambiri. Zinamveka zanzeru. Chomwe chinandibweza ndi nkhani ya mnzanga wina woyendetsa takisi ya Sienta pa boma. Iye anafuna wailesi ya sikirini, chifukwa mawailesi akale obwera ndi magalimoto a ku Japan amagwira kuyambira pa 76 mpaka 90 MHz basi, pomwe kuno mawailesi athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. Anapeza wogulitsa pa Facebook, natumiza ndalama mwachindunji. Anamutumizira chithunzi cha phukusi, kenako nambala ija inazima. Analibe koti akadandaule, chifukwa panalibe wina aliyense amene anaima pakati pa iye ndi wogulitsayo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, anzanga. Ukalipira pa tsamba lodziwika, ndalama yako sipita kwa wogulitsa nthawi yomweyo. Eni tsamba amakhala ngati ankhoswe: ali ndi mphamvu yoigwira kapena kuibweza zinthu zikavuta. Ukatulukira kukhomo lakuseri n'kutumiza wekha, wakana nkhoswe. Kutsika mtengo kumene akukulonjezako n'chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinamuyankha kuti ndilipira pa tsamba pomwepo.

Kulipirako nakonso inali ntchito. Khadi langa la kubanki linakana kawiri. Ndinakwera kabaza mpaka pa boma kukafunsa, ndipo anandifotokozera za malire a ndalama zakunja zomwe munthu angagwiritse ntchito pa khadi. Izi sizachilendo kwa aliyense amene wayesapo kugula kunja m'zaka zino. Dola ikusowa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola imodzi inachoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Chowawa n'chakuti fodya yemwe lole yathu imanyamula amagulitsidwa pa mtengo wa dola pa okushoni, ndipo ndi mbewu yomwe imabweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko muno. Koma mwana wa mlimi akafuna madola ochepa oti akonzere lole yonyamula fodyayo, amachita kupempha ngati wamasiye. Pamapeto pake zinatheka, ndipo uthenga unalowa pa foni kuti ndalama yachoka.

Tinadikira masabata asanu. Masabata asanu a nyengo ya msika! Alimi omwe atsibweni amawanyamulira chaka ndi chaka anayamba kupita kwa ena. M'mawa uliwonse funso linali limodzi: "Mphwanga, kafika pati?" Ine ndimatsegula foni, n'kuwerenga mayina a mizinda yomwe sindinaionepo.

Phukusi litafika, panali msonkho wa MRA woti tilipire tisanalitenge. Ambiri timaiwala zimenezi powerengera mtengo. Mtengo umene umauona pa sikirini si womaliza: pamwamba pake pamabwera yotumizira, yodula banki, ndi msonkho wolowetsera katundu m'dziko.

Tsopano mverani mwayi wanga. Potsegula phukusilo ndinauza mlongo wanga kuti ajambule vidiyo, osati chifukwa cha nzeru ayi, ndimangofuna kukaika pa status kuti anthu aone kuti mphwake wa adala wagula katundu kunja. Vidiyoyo inaonetsa phukusi lisanang'ambidwe, pepala la adiresi, dzanja langa likudula tepi, mpaka kabokosi katuluka. Makaniko anakatembenuza, nawerenga kapepala komatidwa kumbuyo, nandiyang'ana. "Aise, aka n'ka mavolti 12. Lole yanu ili ndi mabatire awiri, imayendera 24. Nambala yakenso ndi ina."

Atsibweni sanakalipe. Anangolowa m'nyumba. Kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Usiku womwewo ndinatsegula dandaulo pa tsamba lija. Pamenepo amalemba kuti dispute. Ndinaika vidiyo ija, chithunzi cha kapepala ka pa kabokosi kakale pambali pa katsopano, ndi screenshot ya malonda ake pomwe nambala yolondola imaoneka bwinobwino. Ndinalemba mizere itatu yokha m'Chingelezi chosavuta: ndinaitanitsa nambala iyi, mwatumiza iyi, ndikufuna ndalama yanga yonse. Sindinatukwane, ngakhale kukhosi kunali kodzadza.

M'mawa wogulitsa uja anasanduka m'bale wanga. Uthenga uliwonse umayamba ndi kunditcha bwenzi lake lapamtima. Anati wantchito wake ndiye analakwitsa, ana ake agona ndi njala eni tsamba akamulanga, ndiye ndimuchitire chifundo nditseke dandaulo, iye atumiza kolondola mawa lomwe kwaulere. Ife Amalawi tinaleredwa kuti munthu akapepesa umamukhululukira, ndipo chala changa chinafika pa batani. Chomwe chinandigwira dzanja ndi funso limodzi: ndikatseka, iye osatumiza, ndidzagwira chiyani? Pa masamba ambiri, dandaulo ukalitseka wekha kulitsegulanso n'kovuta kapena n'kosatheka kumene. Ndipo masabata asanu odikira phukusi lachiwiri akanatha, nthawi yodandaulira ikanakhala itadutsa kalekale.

Nthawi imeneyi ndi yomwe ambiri imatigwetsa. Pa AliExpress umakhala ndi masiku 15 kuchokera pamene katundu wavomerezedwa kuti wafika. Pa eBay ndi masiku 30 kuchokera tsiku lomwe katundu wafika kapena lomwe amayenera kufika. Ukalipira kudzera pa PayPal, katundu osafika, uli ndi masiku 180 kuchokera tsiku lolipira. Malamulowa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho werengani omwe ali pa tsamba tsiku lomwe mukugula. Wogulitsa wachinyengo amawadziwa masikuwa kuposa iwe, ndipo mawu ake okoma onse cholinga chake n'choti akudyere nthawi. N'chifukwa chake batani lovomereza kuti katundu wafika musamalidinde phukusi lili m'njira, ngakhale atakunyengererani motani.

Nditakana, nyimbo inasintha. Anati andibwezera gawo laling'ono, kabokosiko ndisunge. Ndinakana. Kenako anati abweza yonse ndikatumiza kabokosiko kwawo ndi ndalama yanga. Nditafunsa mtengo wotumizira phukusi kunja m'njira yoti lizilondoleka, ndinapeza kuti ukanadya gawo lalikulu la ndalama yomwe ndimalimbirayo. Ndinalemba zimenezo pa dandaulo pomwepo, osati pa WhatsApp, chifukwa eni tsamba amaweruza potengera zomwe zalembedwa pa tsamba lawo. Ndinati wolakwa ndi wotumiza, ndiye ngati akukafuna kabokosi kake alipire yekha ulendo wake.

Titalephera kugwirizana, eni tsamba analowererapo. Anaona vidiyo, anaona manambala awiri aja, nagamula kuti ndalama ibwezedwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu sananame. Komabe kugamula ndi kulandira ndi zinthu ziwiri. Panatha masabata ena atatu ndalama isanaoneke mu akaunti, ine ndikungoyang'ana foni ngati wodikira zotsatira za mayeso.

Chikanakhala kuti tsamba lakana, panali khomo lina lomwe anthu ambiri salidziwa. Ukalipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard, ungapite ku banki yako kukapempha kuti ndalama ibwezedwe chifukwa katundu sanafike kapena wabwera wosiyana ndi amene unaitanitsa. Amati chargeback. Nthawi zambiri malire ake ndi masiku 120, ndipo banki imafuna umboni woti unayesa kaye kukambirana ndi wogulitsa. Pitani ndi kalata, risiti ndi zithunzi, ndipo musachoke osalandira nambala ya dandaulo lanu. Banki ikakunyalanyazani, Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki onse, imalandira madandaulo a makasitomala.

Nanga apolisi? Tinene zoona: wogulitsa ali kutsidya kwa nyanja, wapolisi wa pa Kasungu sangamugwire. Koma ngati wakudyerani ndi mkhalapakati wa konkuno, mmodzi mwa awa amalengeza kuti "tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba, ine ndikuitanitsirani", ameneyo ali pansi pa malamulo a dziko lino. Pali lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, palinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission loteteza ogula. Alipo a mkhalapakati okhulupirika, ndipo dola ikasowa ambiri timadalira iwowo. Koma dziwani kuti oda ikakhala pa akaunti ya iye, wotsegula dandaulo ndi iye, osati inu. Mugwirizane zimenezi ndalama isanachoke m'manja, ndipo zilembedwe.

Ndalama itabwerera ndinapita nayo kwa atsibweni ndikumwetulira. Iwo anatenga pensulo. Msonkho uja sunabwerere. Yomwe banki inadula sinabwerere. Dola banki imakugulitsa pa mtengo wokwera n'kukugula pa wotsika, ndiye pamenepo panatsalanso kenakake. Kenako anawerenga maulendo a ku Chinkhoma omwe lole sinayende kwa miyezi iwiri. Anandipatsa pepalalo osanena kanthu. Mlandu ndinapambana, koma nyengo ya msika tinaluza.

Ndipo mbali ina ya vutoli inali yanga. Ndinakhulupirira chithunzi ndi dzina la galimoto, pomwe pa zida zamagetsi dzina silikwanira. Magalimoto a dzina limodzi amasiyana chaka, injini, mavolti, ngakhale mapulagi. Ndikanamutumizira wogulitsayo nambala ya pa kabokosi kakale ndi nambala ya chasisi, n'kumuuza kuti ajambule kabokosi kenikeni komwe atumize ndisanalipire, mwina nkhani ikanakhala ina. Makaniko anandiuzanso kuti pa magalimoto ambiri atsopanoko, kompyuta bokosi imayenera kudziwana ndi kiyi, ndiye ngakhale nambala ifanane pamafunikabe katswiri wa makina kuti galimoto ilire. Safunsa anadya phula.

Lole inadzuka ndi kabokosi ka ku Lilongwe kaja, kodulako. Makaniko anapita yekha, nagwirizana ndi mwini malo kuti kakakana tikabweza, ndipo injini inalira tonse tikuona. Kamavolti 12 kaja kali pa shelefu mpaka lero, atsibweni amatsindirira nako mapepala a fodya.

Sindinasiye kugula pa intaneti. Mababu, kamera yothandiza pobwerera m'mbuyo, kamakina kowerengera matenda a injini pa foni, zonsezi ndimaitanitsabe, chifukwa zikachedwa palibe amene agone ndi njala. Koma chipangizo choti chikasowa galimoto yodyetsa banja iima, ndimayamba ndawerenga masabata odikira ndisanawerenge mtengo. Ndimalipira pomwe pali nkhoswe, ndimalemba tsiku lomaliza kudandaula pa kalendala ya foni, ndipo phukusi silitsegulidwa kamera isanayake.

Chaka chino atsibweni anandiitananso pakhonde, akufuna kachipangizo kolondolera komwe lole ili. "Mphwanga, tafufuza pa foni yakoyo." Ndinaseka. Iwo sanaseke. Anangowonjezera kuti, "Koma uitanitse mu Januwale, fodya akadali m'munda."